Mafunso Anu: Ndani Amandisankhira Mafilimu?

Funso: Akonzi, kwathu tonse timaonera mafilimu pa akaunti imodzi ya Netflix, ine, abambo a kunyumba ndi ana atatu. Masiku ano ndikatsegula ndimangopeza makatuni ndi mafilimu a nkhondo, chonsecho ine ndimakonda a ku Nigeria. Amasankha bwanji zoti andionetse? — Mayi wa ku Chilomoni

Yankho: Mayi, kuseliko kulibe munthu amene amakusankhirani. Ndi kompyuta imene imasunga zonse zooneredwa pa dzina limodzi: filimu yanji, nthawi yanji, pa foni kapena pa TV, mwaimaliza kapena mwaisiyira panjira. Kenako imakufanizirani ndi anthu ena oonera zofanana ndi zanu. Ndiye ana akaweruka kusukulu n'kuonera makatuni mpaka madzulo pa dzina lanu, iyo imadziwa kuti wokonda makatuni ndinu.

Gawanani maina. Netflix imalola ma profile (maina a oonera) 5 pa akaunti imodzi, banja lanu likukwana ndendende. A ana muwachonge kuti ndi a ana, zimene zimabisanso mafilimu osayenera msinkhu wawo, ndipo yanu muitseke ndi PIN ya manambala anayi. Zakale zija musazisiye: lowani ku Account, sankhani dzina lanu, tsegulani Viewing activity, n'kubisa makatuniwo imodziimodzi. Zimachoka pasanathe maola 24.

Chimene ambiri amachinyozera ndi kachizindikiro ka chala chachikulu. Mukamaliza filimu, dinani chala choloza m'mwamba ngati yakukomerani, choloza pansi ngati yakubowani, kapena zala ziwiri, zimene zinabwera mu 2022, ngati yakufikani pamtima. Osadina mwaulemu ayi. Filimu yoipa mukaipatsa chala cha m'mwamba, mawa akubweretserani anzake. Chitani zimenezi pa mafilimu angapo a ku Nigeria amene munawaonera kale, muona tsamba lanu likusintha.

Funso: Ndimangoyang'ana zimene andisankhira, ndisanayambe n'komwe kuonera bandulo yatha theka. Vuto n'chiyani? — Wophunzira wa ku Zomba

Yankho: Achimwene, tizidutswa ta mafilimu timene timayamba tokha mukamafufuza timadyanso data, ndiponso gawo lotsatira likamayamba lokha inu mutagona kale. Zonse ziwiri zimazimitsidwa pa Playback settings, pochotsa chizindikiro pa Autoplay. Pomwepo pali posankha kaonekedwe ka chithunzi. Low imadya pafupifupi 0.3 GB pa ola, Medium 0.7 GB, pomwe High, ikamaonetsa chithunzi chooneka bwino kwambiri cha HD, imatha kufika 3 GB. Filimu ya maola awiri pa HD ingathe 6 GB, koma pa Medium siifika 1.5 GB, ndipo pa kagalasi ka foni kusiyana kwake n'kochepa ndithu. Mukapeza Wi-Fi, dawunilodani zoti mudzaonere kunyumba.

Funso: Nanga pa YouTube? Ndinaonera kanema mmodzi wa ndewu, pano akungobwera omwewo. — Wowerenga wa ku Mzuzu

Yankho: Dinani timadontho titatu pambali pa kanemayo n'kusankha Not interested, kapena Don't recommend channel ngati simukufunanso za mwini wakeyo. Kanema woyamba uja mumufufute mu History. Ndipo mukamabwereka mnzanu foni, yambani mwaimitsa History, mudzaiyatse akakubwezerani.