Gofu wa anthu osiyana luso: kuyankha bambo amene anzawo ayamba kuzemba

Bambo wina wandilembera pa imelo kufunsa kuti iwo ndi anzawo a kuntchito, anthu asanu ndi atatu, azisewera bwanji gofu mwachilungamo, popeza awiri ndi akatswiri ndipo enawo akuphunzira kumene, moti Loweruka lililonse opambana amadziwika kampira kasanamenyedwe n'komwe. Bambo, kalata yanu yandikumbutsa zowawa, chifukwa inenso ndinayambira kumene kuli anzanu ophunzirawo.

Amene anandilowetsa m'masewerowa ndi alamu anga, munthu wa handicap 9 (handicap ndi nambala yosonyeza luso la wosewera: ikachepa, ndiye kuti ndi katswiri), ndipo tsiku loyamba tinasewera mowerenga kumenya konse kuyambira dzenje loyamba mpaka la 18. Pa dzenje lachisanu ndi chiwiri kampira kanga kanagwera mumchenga, ndinamenya kasanu kasanatuluke, mchenga uli m'kamwa ndi m'nsapato, gulu la kumbuyo kwathu litaima manja ali m'chiuno. Ndinalemba 13 pa dzenje la par 4, kutanthauza dzenje limene katswiri amayembekezeka kumaliza pomenya kanayi. Mnyamata wondinyamulira chikwama cha ndodo anangoyang'ana kumitengo chifukwa cha ulemu. Maenje otsalawo ndinkangoperekeza alamu anga, podziwa kuti zakumwa ndigula ndine, ndipo ndinatha milungu itatu ndikunamizira maliro ndi maukwati kuti ndisapitenso.

Pofuna kundinyengerera, alamu anga anati tiyese scramble, momwe aliyense amamenya, gulu n'kusankha kampira komwe kagwera pabwino, onse n'kumenyeranso pamenepo. Anthu ambiri angakuuzeni kuti yankho lanu ndi limeneli, koma ine ndikukana. Tsiku lonselo kampira kanga kanasankhidwa kamodzi kokha, gulu lathu linapambana, ndipo ndinalandira mphoto ndili ndi manyazi ngati mlendo wodya nsima ya kumunda kumene sanalime. Scramble ndi yabwino pa tsiku losonkhetsa ndalama zachifundo, pamene cholinga ndi kucheza ndi kumaliza msanga, koma wophunzira imamubisa, simupatsa mpikisano.

Chimene chinandibwezera ku gofu ndi Stableford. Njirayi anaiganiza ndi Dr Frank Stableford, amene anaiyesa ku Glamorganshire ku Wales mu 1898, ndipo mpikisano wake woyamba unachitika mu 1932 ku Wallasey ku England, bwalo la m'mbali mwa nyanja kumene mphepo inkawonongera anthu masewero akangoyamba. M'malo mowerenga kumenya konse, dzenje lililonse limapereka mapointi handicap itachotsedwa: awiri pa par, atatu pa birdie (kumaliza dzenje ndi kumenya kumodzi pansi pa par), imodzi ngati mwapyola par ndi kumenya kumodzi, ndipo mukapyola pamenepo simupeza kanthu, mumangotola kampira n'kupita kutsogolo. 13 yanga ija ikanangokhala dzenje limodzi lopanda pointi. Munthu wa handicap 24 amachotseredwa kumenya kumodzi pa dzenje lililonse ndi kwinanso pa maenje asanu ndi limodzi ovuta kwambiri, malinga ndi manambala a stroke index, osonyeza kuvuta kwa dzenje lililonse, olembedwa pakhadi, ndipo aliyense amene wasewera molingana ndi handicap yake amafika pa mapointi 36, kaya ndi katswiri kaya ndi wophunzira.

Zonsezi zimadalira handicap yoona, ndipo apa ndiye pamandipsetsa mtima. Mu 2020 mabungwe oyang'anira malamulo a gofu, la R&A ndi la USGA, anakhazikitsa World Handicap System, imene imatenga masewero 8 abwino kwambiri mwa 20 omaliza ndipo imalola handicap mpaka 54, koma m'gulu lililonse simusowa mkulu wina amene sapereka makhadi a masiku omwe wasewera bwino, n'kumabwera ndi mapointi 44 mlungu ndi mlungu akunena kuti ndi mwayi chabe. Munthu wotereyu amapha gulu kuposa akatswiri anu awiri aja, ndipo ine ndinasiya kubetcha naye ngakhale botolo la Fanta.

Tsono muchite chiyani

Sewerani Stableford, aliyense atenge 95 peresenti ya handicap yake. Amene alibe handicap asewere katatu kaye mukulemba, mugwirizane nambala yongoyembekezera, ndipo wopambana Loweruka lino muzimudula imodzi pa handicap yake Loweruka lamawa. Mukafuna magulu, phatikizani katswiri ndi wophunzira n'kutenga mapointi ochuluka mwa awiriwo pa dzenje lililonse, aliyense atatenga 85 peresenti ya handicap yake. Anzanu akaumirira scramble, ikani lamulo loti kumenya koyambira kwa munthu aliyense kusankhidwe kosachepera katatu.