Za "dress up" ndi timawu tina ta pa Halloween

Achemwali, funso lanu landikumbutsa chaka changa choyamba kuno ku Leeds, ku England. Mwati mwana wabwera ndi kalata yakusukulu yoti ana achite "dress up" pa Halloween, ndipo mukudabwa kuti bwanji mawu otere akukuzunguzani pomwe Chingerezi munakhoza bwino pa MSCE. Vuto si inu ayi. Ndi timawu tija Azungu amaika motsatira mneni: up, out, off, on.

Chimene chinanditsegula mutu ine ndi ichi: nafenso timachita zomwezo, kungoti ife timasintha mchira wa mneni. Tseka, tsekula. Mata, matula. Phika, phikira, phikitsa. Iwo mneni amamusiya momwemo n'kumuikira kamawu pambali. Ndiye "put on" ndi kuvala, "take off" ndi kuvula. "Dress" ndi kuvala basi, koma "dress up" ndi kutchena, kapena kuvala kuti ufanane ndi chinthu china. Mwana wanuyo akufunika chovala choti aoneke ngati mphaka, dzungu kapena chilichonse. Musagule zodula, usiku wake ndi umodzi wokha.

Musaloweze mndandanda. Tsatirani zimene zichitike pa 31 Okutobala madzulo, mawuwo akakamira okha. Aneba agula dzungu lalikulu, adula pamwamba n'kukolowola nthanga ndi zam'kati zonse ndi sipuni: kumeneko ndiye "scoop out". Aboola maso ndi mano, aika kandulo m'kati, dzungu lichita "light up". Pokagona azimitsa kanduloyo ndi mpweya wapakamwa, "blow out". Ine mpaka lero mtima umandiwawa kuona dzungu lathunthu likuwolera pakhomo, koma ndi mwambo wawo. Unachokera ku Ireland ndi Scotland, kumene kale ankaboola matanipi. Maungu anayamba ndi a ku America.

Kukangoda, ndipo kumada msanga chifukwa mawotchi amabwezedwa ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, ana ayamba kugogoda m'makomo. Kufika kwawoko ndi "turn up" kapena "show up". Inu mukamagawa maswiti mukuchita "hand out". Akakutherani mumati "we've run out of sweets", ndipo "of" ameneyo musamuiwale. Pali kamsampha kena: mukagwiritsa mlowam'malo, amalowa pakati. Mumati "hand them out", osati "hand out them". Aphunzitsi anakuuzani zimenezi? Ine ayi ndithu.

Tsono apa mverani bwino, poti ine ndinachita nazo manyazi. Kamnyamata kena kovala chigoba kanandinyang'amira kumbuyo ndikutaya zinyalala, kumene amati "creep up on" munthu. Ndinakuwa, "freak out" yeniyeni. Mawa lake ku ntchito ndikuwafotokozera anzanga ndinati "I passed away". Anaseka mpaka misozi, wina n'kundifunsa kuti maliro anayenda bwanji. Kukomoka ndi "pass out". "Pass away" ndi kumwalira. Kamawu kamodzi kokha, munthu wadziika m'manda.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa ife za mizukwa ndi mfiti sitizitenga ngati masewera, ndipo ena mpingo sulola. Dzina loti Halloween linachokera ku All Hallows' Eve, usiku wotsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse pa 1 Novembala, koma lero kwa ambiri kuno ndi nkhani ya ana ndi maswiti. Ngati simukufuna, palibe wokukakamizani. Musaike dzungu pakhomo, zimitsani getsi lapanja, "turn off", ana ambiri amadziwa kuti nyumba yotere amaidumpha.

Musungenso "go off", mudzamufuna pa 5 Novembala, usiku wa Guy Fawkes, munthu amene kalekale anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ya kuno, makombola akamaphulika mumzinda wonse. Koma mkaka ukasasa mufiriji amatinso "gone off", ndiye muzimvera nkhani yake kaye musanathawe m'nyumba.