Kudyetsa axolotl: adye chiyani, ndipo adye kangati?

Mayi wina wandilembera imelo yofunsa za axolotl wake, nyama yam'madzi ya m'gulu la achule yooneka ngati buluzi, imene akuiweta m'thanki ya madzi. Akuti anamugula ali wamng'ono ngati chala, ndipo tsopano watha chaka ndi theka, watalika masentimita 20. Chigulireni akhala akumupatsa mphutsi zofiira zosungidwa mufiriji, zija amazitcha bloodworm, tsiku ndi tsiku, koma masabata awiri apitawa axolotlyo wayamba kuzinyalanyaza, ndipo mimba yake yakula kuposa mutu. Akufunsa ngati akudwala, komanso chakudya choyenera kumupatsa ndi kuchuluka kwake.

Mayi, mtima ukhale m'malo. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuona kuti vuto lalikulu ndi lakuti mukudyetsa axolotl wamkulu ngati kuti akadali mwana. Wamng'ono amafunikadi kudya tsiku lililonse chifukwa thupi lake limakula mofulumira, koma akafika msinkhu wa wanuyo, kukula kumachepa ndipo kudya kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira. Nyamayi kwawo ndi ku Xochimilco, kum'mwera kwa Mexico City, ndipo imakonda madzi ozizira a madigiri 16 mpaka 18 Celsius. Thupi lake limatentha kapena kuzizira motengera madziwo, choncho chakudya chimagayika pang'onopang'ono. Mukamupatsa china asanagaye cha dzulo, amangochiyang'ana, kapena amachimeza kenaka n'kuchisanza.

Za kuchuluka kwa chakudya, muyezo umene ine ndimaudalira ndi thupi lake lomwelo. Imani pamwamba pa thanki n'kumuyang'ana kuchokera kumsana: mimba ya axolotl wodya bwino imakhala yotambalala mofanana ndi mutu wake. Ikaposa kwambiri, mukumupatsa zambiri. Ikachepa mpaka thupi n'kuoneka lowonda kumbuyo kwa mutu, onjezerani. Wamkazi amakhala wonenepako pang'ono chifukwa cha mazira, ndiye musadabwe ngati wanuyo ndi wamkazi. Pa nthawi ya kudya, mupatseni zimene angamalize m'mphindi zochepa, ndipo akayamba kutembenuza mutu kapena kulavula, lekani.

Tsopano mtundu wa chakudya, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Mphutsi zofiira axolotl amazikonda, sindikana, koma sizikhala ndi zonse zimene thupi la wamkulu limafuna, moti ndi bwino kuzisunga kuti zikhale zapakanthawi chabe. Chakudya chenicheni cha nyamayi ndi nyongolotsi. Zili ndi mapuloteni ambiri, zili ndi kashiamu wolimbitsa mafupa, mafuta ake ndi ochepa, ndiponso n'zofewa. Kufewako n'kofunika chifukwa axolotl satafuna: timano take n'tating'ono, tongogwirira basi. Mukadzamuyang'anitsitsa akudya, mudzaona kuti amakhala phee mpaka fungo kapena kugwedezeka kwa madzi kumufike, kenaka amayasamula mwadzidzidzi n'kukokera m'kamwa madzi pamodzi ndi chakudyacho, thupi lonse n'kudumpha pang'ono. Maso ake saona bwino, choncho gwirani nyongolotsiyo ndi kopanira kosasongoka, muigwedeze pafupi ndi mphuno yake.

Wa msinkhu wa wanuyo nyongolotsi imodzi yaikulu, kapena ziwiri zocheperapo, zimamukwanira pa tsiku lodya. Itsukeni dothi lichoke, ndipo ikakhala yaitali muidule. Onetsetsani kuti yachokera m'dothi limene simunathiridwe feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo. Pali mtundu wina wa nyongolotsi zofiira zokhala m'manyowa, Eisenia fetida, zimene zimatulutsa madzi owawa zikagwidwa, ndipo axolotl ena amazilavula. Wanu akazikana, musaganize kuti wakana nyongolotsi zonse. Mwina pamasiku oyamba adzachita makani chifukwa anazolowera mphutsi zija, koma wamkulu wathanzi savulala akakhala masiku angapo osadya.

Nyongolotsi zikasowa, chakudya chopangiratu cha timibulu chimathandiza, bola chikhale chofewa, chomira pansi, chopangidwira nsomba zodya nyama, chokhala ndi mapuloteni oposa magawo 40 pa 100 alionse. Choyandama sichabwino, popeza amameza nacho mpweya.

Zoti mupewe ndizitchula mwachidule. Nsomba zamoyo zogula zimabweretsa tizilombo ta matenda, ndipo nsomba zotchedwa goldfish zili ndi thiaminase, imene imawononga vitamini B1 m'thupi. Nyama ya ng'ombe kapena nkhuku siyenera kukhala chakudya chake chanthawi zonse. Tizilombo ta chikamba cholimba, monga mealworm, sitigayika bwino.

Pali chinthu chimodzi chimene simunatchule m'kalata yanu, ndipo chikundidetsa nkhawa: pansi pa thanki munaikapo chiyani? Kadyedwe kokoka kaja sikasankha, moti timiyala tocheperapo kuyerekeza ndi mutu wake amatha kutimeza, n'kutseka matumbo. Zizindikiro zake n'zofanana ndi zimene mwaonazi, kutupa mimba ndi kukana chakudya, kuwonjezapo kusachita chimbudzi. Ngati muli timiyala, tichotseni lero lomwe, musiye pansi popanda kanthu kapena muikepo mchenga wosalala kwambiri. Yezaninso madzi, chifukwa mphutsi zimene wakhala akusiyazo zikuwolera momwemo n'kutulutsa amoniya, amene amapsereza khungu ndi timphonje take topumira ta m'mbali mwa mutu. Madzi akatentha kufika madigiri 24, axolotl amavutika ndipo amasiya kudya ngakhale chakudyacho chikhale chabwino motani.

Ndiye chitani izi: mulekeni masiku atatu kapena anayi osamupatsa kanthu, chotsani zotsalira zonse, sinthani gawo la madzi, kenaka muyeseni ndi theka la nyongolotsi madzulo kukayamba mdima, nthawi imene iye amakhala wochangamuka. Akapitirira kutupa, akamayandama osatha kumira, kapena akatha sabata inanso osachita chimbudzi, pitani naye kwa dokotala wa ziweto amene amadziwa za achule ndi nyama zina zamtundu umenewu.