Funsani Mayi a ku Laibulale: Tidziwa bwanji kuti ophunzira nyimbo atolapo kanthu?

Funso: Zikomo Mayi. Ine ndimaphunzitsa nyimbo pa koleji ina. Chaka chilichonse ndimapita ndi ophunzira a chaka choyamba ku laibulale, komwe mnzanga woyang'anira mabuku amawaphunzitsa kwa ola limodzi kafufuzidwe ka mabuku ndi nyimbo. Pomaliza amawagawira fomu, onse n'kulemba kuti apindula kwambiri. Koma ikafika nthawi yochonga ntchito zawo ndimapeza zomwe zija: "Ndaipeza pa YouTube", osatchula woimba, chaka, ngakhale kumene nyimboyo inajambulidwa. Tsopano akuluakulu a pakoleji akufuna umboni woti phunziro la ku laibulale lili ndi phindu. Tiyambire pati? *Mphunzitsi wa nyimbo, chigawo cha kummwera*

Yankho: Aphunzitsi, fomu ija iikeni kaye padera. Chimene ikukuuzani n'chakuti ana anu analeredwa bwino. Ndi mwana uti angalembe kuti "sindinamvepo kanthu" mwini phunziro ataima pafupi kudikira pepalalo?

Umboni umene akuluakulu akufunawo muli nawo kale. Uli mu mulu wa mapepala amene mumachonga nokha usiku kunyumba. Chovuta n'chakuti mnzanu wa ku laibulale saawona mapepalawo. Ali ngati munthu amene wabzala chimanga m'munda wa eni koma saloledwa kukaona ngati chamera. Ndiye malangizo anga ndi awa: ntchito imene mudzayesere ophunzira muikonze awiri, ndipo mudzachongenso awiri. Zina zonse zimene ndinene pansipa zikuchokera pamenepa.

Yambani ndi nthawi. Ngati phunziro la ku laibulale limachitika sabata yoyamba, pamene ana akufunafuna kogona ndi kodyera, lichotseni pamenepo. Apatseni kaye asayimenti, avutike nayo masiku angapo, ndiye mupite nawo ku laibulale ali ndi mafunso awoawo. Ndipo inu musawasiye pakhomo n'kubwerera ku ofesi. Mphunzitsi akachoka, ana amadziwa okha kuti izi sizidzabwera pa mayeso.

Tsono ntchitoyo ikhale ya nyimbo zenizeni. Kufufuza nyimbo kuli ndi misampha yake imene wophunzira zamalamulo kapena zaulimi sakumana nayo, chifukwa nyimbo imodzi imapezeka m'maonekedwe ambiri: yolembedwa m'manotsi, yolembedwa mu tonic sol-fa monga amaimbira makwaya athu ambiri, yojambulidwa pa chimbale, komanso yofotokozedwa m'buku. Tengani Messiah ya Handel, imene kwaya iliyonse yodzidalira imafuna kuimbako kachigawo kake. Handel anaipeka mu 1741 ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742. Koma mu 1789 Mozart anaikonzanso, n'kuwonjezeramo zida zopuliza monga ma clarinet, mawu ake n'kukhala a Chijeremani. Mwana akatsitsa manotsi pa intaneti, kodi akudziwa kuti wagwira ya ndani? Mfunseni zimenezo papepala: wasankha iti, anaikonza ndani, inasindikizidwa liti, ndipo waisankhiranji. Amene wayankha bwino mafunso anayiwa watolapo kanthu ku laibulale. Simufunikanso fomu kuti ikuuzeni.

Ine ndimakonda kwambiri ntchito ya nyimbo zakwathu, chifukwa ndi pamene ana amadzidzimuka. Auzeni kuti apeze nyimbo yoimbidwa ndi chida chakwathu monga bangwe, kaligo kapena valimba, yojambulidwa dziko lathu lisanalandire ufulu mu 1964. Ambiri amabwerera akunena kuti kulibe. Chonsecho Hugh Tracey anayendayenda kuno m'zaka za m'ma 1950 akujambula oimba m'midzi, ndipo zimene anajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene iye anayambitsa mu 1954 ndipo inasamukira ku Rhodes University, mumzinda wa Makhanda ku South Africa, mu 1978. Mwana amene akulemba "Malawi" basi m'bokosi lofufuzira akhoza kuphonya zambiri, chifukwa nthawi imeneyo alembi ankalemba Nyasaland, ndipo kawirikawiri ankatchula mtundu wa anthu kapena boma kumene anajambulira. Chida chimodzi chomwecho wina analemba valimba, wina ulimba. Wophunzira amene walephera ulendo woyamba, n'kuganiza yekha zosintha mawu ofufuzira, ameneyo ndiye waphunzira. Choncho pamapeto pa ntchitoyo alembe ndime imodzi yofotokoza mawu amene anayesa, amene anakanika ndi amene anagwira. Ndime imeneyi musaipeputse. Mnzanu wa ku laibulale akaiwerenga adzaona msanga pamene phunziro lake linalowa ndi pamene linadutsa pamwamba.

Za malikisi ndisakunamizeni: ngati mbali imeneyi ilibe malikisi, ana saisamala. Patulani pang'ono, kaya 10 pa 100, ndipo auzeni pasadakhale zimene mudzayang'ane.

Pochonga, tengani mapepala khumi, aliyense achonge payekha osaona za mnzake, kenako mukhale pansi mufananize. Mudzasiyana, ndipo kusiyanako n'kumene kuli phindu. Nthawi ina ndinachonga motere ndi mphunzitsi wina. Mtsikana wina analemba za nkangala, uta woimbira pakamwa umene amaimba ndi amayi, ndipo zambiri anazimva kwa agogo ake kumudzi. Pamndandanda wa kumene anatenga mfundo zake panali buku limodzi lokha. Ife a ku laibulale tinazolowera kuwerenga mabuku ndi magazini a akatswiri pamndandanda, koma mphunzitsiyo ananena kuti pankhani ya mmene chidacho amachigwirira, agogowo amadziwa kuposa bukulo. Tinagwirizana kuti munthu wofunsidwa ndi gwero lokwanira, bola wophunzira alembe dzina lake, mudzi, mfumu yaikulu, tsiku limene anacheza, komanso kuti mwiniwake analola kujambulidwa. Mtsikanayo zimenezi sanalembe, ndipo malikisi anachepera pamenepo. Pepala lotsatira zinatembenuka. Mphunzitsi analipatsa malikisi ambiri chifukwa linali ndi mabuku ooneka olemekezeka, koma nditafufuza ndinapeza kuti ena mwa mabukuwo kulibe padziko lapansi. Masiku ano mapulogalamu ngati ChatGPT amatha kupeka dzina la buku, wolemba ndi chaka, zonse zooneka zenizeni. Mphunzitsi wa ana ambiri alibe nthawi yotsata buku lililonse, pomwe kwa ife ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Kuti muone ngati pali kusintha, apatseni kantchito ka mphindi khumi asanapite ku laibulale: aonetseni kanema wa gule wamkulu amene wangoikidwa pa intaneti popanda mawu ofotokoza, n'kuwafunsa zimene angafune kudziwa asanamugwiritse ntchito polemba. Sungani mayankhowo. Kumapeto kwa semesita chitaninso chimodzimodzi ndi kanema wa vimbuza kapena tchopa. Poyamba ambiri amangolemba kuti "ndi chikhalidwe chathu". Ngati pomaliza ayamba kufunsa kuti anajambula ndani, kuti, liti, pamwambo weniweni kapena pachionetsero cha alendo, ndiye kuti ola lija silinapite pachabe. Magule atatuwa ali pamndandanda wa miyambo yoyenera kusungidwa wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, ndiye zolembedwa za iwo sizisowa, ndipo mwana waulesi alibe pothawira.

Kwa akuluakulu aja mukapereke tsamba limodzi: ndi ana angati anatha kuchita zimenezi poyamba, ndi angati pomaliza, ndi zimene musinthe chaka chamawa. Musabise pamene zakanika. Mukapeza kuti ana akutha kupeza nyimbo koma sakutha kuilemba bwino pamndandanda, lembani choncho, n'kupempha ola lachiwiri. Pepalalo musayine nonse awiri. Ndaona kangapo lipoti lotere likupita ku msonkhano ndi dzina la mphunzitsi lokha, wa ku laibulale n'kumva m'mphepo kuti ntchito yake yayamikiridwa, ndipo chaka chotsatira mgwirizano unazilala.

Funso: Mayi, ine ndimayang'anira laibulale yaing'ono pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Ndimamva anzathu akunja akutchula RILM ndi Grove Music Online, koma ife ndalama zolipirira zimenezo tilibe. Mabuku a nyimbo sakwana ndi shelefu imodzi. Kodi kuyesa ophunzira kuli ndi tanthauzo kwa ife? *Woyang'anira laibulale, chigawo chapakati*

Yankho: Achimwene, RILM ndi Grove Music Online ndi nkhokwe zabwino za pa intaneti za zolemba za akatswiri a nyimbo, koma zimene ndauza aphunzitsi pamwambapa sizikudalira izo. Manotsi a Handel ndi Mozart akupezeka mwaulere pa IMSLP, tsamba la pa intaneti losunga manotsi a nyimbo, ngakhale pafoni. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi kwa amene angathe kufikako. Ndipo ophunzira anu, amene mawa akaphunzitse ana kupulayimale, ali ndi chuma china pafupi: makwaya a m'mipingo yozungulira sukulu yanu, ndi mapepala awo a tonic sol-fa amene akhala akukoperedwa mibadwo ingapo mpaka dzina la wopeka linafufutika.

Gwirizanani ndi mphunzitsi wa nyimbo kuti wophunzira aliyense atenge pepala limodzi lotere, ayese kupeza amene anapeka nyimboyo, amene anaimasulira, ndi buku limene inachokera. Ena adzafika kumapeto, ena adzathera panjira, ndipo onse alembe njira imene anadutsa. Muchonge njirayo. Mulowetsemonso funso la umwini wa nyimbo, chifukwa dziko lathu lili ndi lamulo la Copyright la 2016 komanso bungwe la COSOMA loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba, ndipo mphunzitsi wamawa ayenera kudziwa kuti si pepala lililonse limene angalikopere kalasi yonse. Mapepala amene ana apezere eni ake muwaike mu fayilo ndi kulemba bwinobwino pachikuto, kuti a chaka chamawa adzayambire pamenepo ndi nyimbo zina.