Kodi ndiulule kuti ndimadwala khunyu pofunsira ntchito?

Mayi, mwalemba kuti mumadwala khunyu, mumamwa mankhwala mosadumphitsa, ndipo papita nthawi musanagwe. Pano mukufunsira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina, ndipo pa fomu yawo pali funso lakuti ngati muli ndi ulumali kapena matenda okhalitsa munene. Mukuopa kuti mukanena zoona, fomu yanu ikathera m'bini.

Mantha anuwo ndi omveka, poti mpaka lero alipo mabwana amene amati khunyu ndi lopatsirana kapena lamatsenga. Koma lamulo lili kumbali yanu. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa tsankho, ndipo ulumali ukutchulidwa momveka bwino. Gawo 5 la lamulo la ntchito la Employment Act ya 2000 limateteza ngakhale munthu amene sanalembedwe ntchito, wongofunsira chabe, ndipo bwana wosankha anthu mwatsankho amakhala atapalamula mlandu. Palinso lamulo la anthu aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012, lofuna kuti bwana asinthe zimene angathe pamalo a ntchito kuti munthu waulumali agwire bwino.

Pa ntchito ngati yanuyi, palibe chokukakamizani kulemba za khunyu mu CV kapena m'kalata yofunsira. Za umoyo wanu ndi zanu, ndipo gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi chimenecho. Chimene ndikukuletsani ndi kulemba "ayi" pa fomu ija. Mukatero, tsiku limene mudzagwe mu ofesi, bwana adzafukula fomuyo n'kunena kuti wakuchotsani chifukwa cha bodza, osati khunyu. Mlandu umene ukanakhala wa tsankho umasanduka wa chinyengo, ndipo loya wanu amayamba kukutetezani m'malo mowafunsa iwo mafunso.

Ndikanakhala inu, pa funsolo ndikanalemba kuti: "Palibe vuto la umoyo limene lingandilepheretse kugwira ntchitoyi." Zimenezo ndi zoona, ndipo zikuyankha chimene bwana ali ndi ufulu wodziwa. Akakupatsani kalata yokulembani ntchito, pamenepo lembani kalata yaifupi kwa mkulu woona za anthu ogwira ntchito, yofotokoza matendawo ndi zimene mukufuna: tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala, kusagwira usiku ngati kusagona kumakudzutsirani matenda, ndiponso mnzanu mmodzi wodziwa kuti mukagwa akugonekeni chammbali, asakuikeni supuni m'kamwa. Asaine ndi kudinda pa kope lanu, mukalisunge kunyumba.

Chifukwa chodikira kalatayo ndi umboni. Munthu akakanidwa asanaitanidwe ku intavyu, sauzidwa chifukwa chake, ndipo tsankho lotere limavuta kulitsimikiza kukhoti. Koma akakulembani, inu n'kuulula, iwo n'kukuchotsani patangopita masiku ochepa, madeti a makalata amalankhula okha. Izi n'zofunika makamaka pa nthawi yoyesedwa, imene kwa anthu aluso itha kufika miyezi 12, chifukwa m'nthawi imeneyo gawo 26 la Employment Act limalola kuthetsa mgwirizano popanda notisi, ndipo ena amabisalira pamenepo.

Ikanakhala ntchito yoyendetsa galimoto, yogwira makina kapena yokwera pamwamba, ndikanati munene pachiyambi penipeni, chifukwa pamenepo pali moyo wanu ndi wa anthu ena. Ndiwonjezere, poti ambiri amafunsa: lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa bwana kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti amulembe ntchito.

Mukachotsedwa, pitani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu pasanathe miyezi 3, mutatenga makalata onse. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti la milandu ya ntchito la Industrial Relations Court, komwe bwana ndiye ayenera kupereka chifukwa chomveka chimene anakuchotserani. Dandaulo la tsankho mungathenso kukalisiya ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, ndipo ngati ndalama za loya zavuta, kafunseni ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa ndalama za loya. Musanapereke fomu ija, ijambuleni pa foni masamba onse, kuti zimene munafunsidwa ndi zimene munayankha zikhale m'manja mwanu.