Mawu akuti "shoddy" anayambira pa sanza

Achimwene, mwafunsa za mawu akuti "shoddy" omwe manyuzipepala amakonda akamalemba za msewu womwe wakumbika chaka chisanathe, kuti amatanthauza chiyani ndipo anachokera kuti. Amanena za chinthu kapena ntchito yosalimba, yopangidwa ndi zipangizo zotchipa, koma yooneka bwino pamaso. Kuoneka bwinoko musakusiye, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Poyamba shoddy linali dzina la nsalu chabe. Cha m'ma 1813, Benjamin Law wa m'tauni ya Batley ku Yorkshire, m'dziko la England, anayamba kusonkhanitsa sanza za zovala zaubweya wa nkhosa, n'kumazinyenya mpaka zibwerere kukhala ubweya. Akatero ankasakaniza ndi ubweya watsopano pang'ono n'kuwomba nsalu ina. Makina onyenyera sanzazo anadzatchedwa "devil", kutanthauza mdyerekezi, ndipo fumbi lake linkatsokomoletsa antchito. Vuto la ubweya wonyenyedwa ndi lakuti timaulusi take timakhala tatifupi, choncho sitigwirana kwenikweni. Komabe Batley ndi tauni yoyandikana nayo ya Dewsbury anatukuka ndi malonda amenewa, sanza zinkachita kuitanitsidwa kumayiko ena, ndipo mmphawi ankapeza jekete kapena bulangete pamtengo woti akwanitse. Mpaka apa panalibe chamanyazi.

Dzinali linaipira ku America mu 1861, nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kum'mwera itabuka. Boma la kumpoto linkafuna yunifolomu zambirimbiri mwachangu, ndiye amalonda ena anapeza poti adyerepo. Anasoketsa zovala ndi shoddy wachabechabe, womatidwa ndi guluu n'kusitidwa kuti awale, koma polipiritsa ankatchula mtengo wa ubweya weniweni. Msilikali akangonyowa ndi mvula, jekete linkayoyoka lili m'thupi. Olemera ndi chinyengochi anthu anawapatsa dzina lachipongwe lakuti "shoddy aristocracy", kutanthauza mabwana a shoddy, ndipo kuchokera apo mawuwa anachoka pa nsalu n'kufika pa nsapato, nyumba, ngakhale ntchito ya mmisiri.

N'chifukwa chake ine sindivomera munthu akamati chilichonse chotchipa kapena chakale ndi shoddy. Jekete la pakaunjika likhoza kukhala lachikale koma n'kukutumikirani zaka zisanu. Nsapato zomwe ndinagula chaka chatha, zonyezimira ngati galasi, zomwe zinayasama kutsogolo tsiku lachitatu ndili pa depoti, ndinapeza kuti mkati mwake munali katoni. Zimenezo ndiye shoddy.

Nsaluyo ikupangidwabe mpaka pano. Mumzinda wa Panipat ku India amanyenya zovala zakale zochokera ku Ulaya ndi America n'kupanga ulusi womwe amautchabe shoddy, ndipo mabulangete ambiri omwe amagawidwa kwa anthu ogwidwa ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi amawombedwa ndi ulusi umenewu. Kumeneko mawuwa si chipongwe ayi, ndi dzina la katundu.