Ducati 250 ya 1965 yomwe akuti ndi desmo

Mmodzi wa owerenga athu, yemwe akukhala ku Britain, wandilembera kuti wapeza njinga yamoto ya Ducati 250 ya silinda imodzi. Wogulitsayo akuti ndi ya 1965 komanso ndi desmo (mtundu wa injini yomwe mavavu ake amatsekedwa ndi timikono, osati masipuling'i), n'chifukwa chake mtengo wake wakwera. Ndiye akufunsa ngati agule.

Achimwene, ndalamazo zikhale kaye m'thumba. Zinthu ziwiri zomwe wogulitsayo wanena sizikugwirizana. Njinga za pamsewu za desmo, a Ducati anayamba kugulitsa mu 1968, pamodzi ndi injini zomwe amati wide case, zotakata kumbuyo pomwe zimamangidwira ku felemu. Za 1965 ndi narrow case, zopapatiza kumbuyoko, ndipo ngakhale Ducati 250 yotchuka ija yotchedwa Mach 1 mavavu ake amatsekedwa ndi masipuling'i. Mwina chakacho n'cholakwika, mwina wina anasintha mutu wa injini. Mum'pemphe amasule chivundikiro cha mavavu muone nokha: pa desmo vavu iliyonse imakhala ndi timikono tiwiri, kena koitsegula, kena koikokera m'mwamba kuti itseke.

Komatu ngakhale itapezeka kuti si desmo, ine njingazi ndimazikonda zedi. Injini yake inachokera m'mutu mwa Fabio Taglioni, yemwe anafika ku fakitale ya ku Borgo Panigale, ku Bologna m'dziko la Italy, mu 1954, n'kupanga njinga ya Gran Sport yomwe ankaitcha Marianna. Kumanja kwa silinda mudzaona kachubu koima chilili. M'katimo muli shafiti yotengera mphamvu ku camshaft (shafiti yoyendetsa mavavu) kudzera m'magiya opendekeka, osati tcheni. Magiya amenewa amafuna makaniko wodekha, wodziwa kuika timashimu (timawashala topyapyala) mpaka mano akumane bwino. Akalakwitsa, injini imalira mluzu ndipo mano amadyeka.

Injiniyi siikonda kuyendetsedwa mwaulesi pa giya yapamwamba; beringi ya big end, pomwe mkono wa pisitoni umalumikizana ndi shafiti yaikulu ya injini, imatha msanga. Sefa ya oilo nayo ndi kanthu kochepa, choncho mufunse kuti oilo ankasintha pafupipafupi bwanji. Magetsi ake ndi a 6 volt, nyale yake usiku njofooka, ndipo giya mumasinthira phazi lamanja, buleki ili kumanzere. Masiku oyamba muziyenda nayo mofatsa pomwe palibe magalimoto.

Mukaiwona ikulira bwino, manambala a injini ndi felemu akugwirizana ndi mapepala, igulani. Koma mulipire mtengo wa njinga ya masipuling'i.